Mwini Nyumba ya M'magalasi

Lolemba, m'mawa

Afika! Magalasi afika! Bokosi ndalilandira pa siteji ya Chitakale. Kondakitala analiika pansi pa thumba la kabichi, abale inu, mtima unatsala pang'ono kuima. Koma ali bwinobwino.

Ndilembe mwadongosolo, kuti ndikadzatchuka anthu adzadziwe mmene zinayambira. Si magalasi wamba. Ndi kabokosi kovala kumaso, ka lamba kumbuyo. Ukavala, Mulanje yense amasowa. Umangopezeka waima pabwalo la nyumba yoyera ya malata, kunja kuli ngwee, makwerero atatsamira khoma, panelo ya sola ili pansi kukudikira. M'manja umagwira tizipangizo tiwiri tonga zigwiriro za njinga. Umakwera, umamanga panelo padenga, umalumikiza mawaya, umatsika, umalumikiza batire, babu la pakhomo n'kuyaka. Osagwa. Osagwidwa ndi magetsi. Osaononga katundu wa eni. Ine ndimaona pa laputopu zonse zimene wovalayo akuona.

Bungwe la ku Blantyre landibwereka kwa sabata imodzi. Loweruka abwana akubwera kudzaona. Akapeza anthu akumanga sola m'magalasimo, pulojekiti ikhazikika kuno, ndipo ophunzira oyamba apatsidwa zida ndi ntchito yeniyeni. Akapeza zina, magalasi apita boma lina.

Ndondomeko:
Lero, kuzolowera.
Lachiwiri, kukwera denga.
Lachitatu, mawaya.
Lachinayi, batire.
Lachisanu, kubwereza.
Loweruka, kuwomba m'manja.
Lamulungu, Mulanje watsopano!

Digiri yanga yatopa kukhala mu sutikesi.

Lolemba, madzulo

Chabwino. Ndilembenso chenicheni, poti palibe adzawerenge.

Achimwene akufuna kupita ku Joni. Mnzawo wawapezera malo m'galimoto yonyamuka Lamulungu likubwerali. Amayi andikokera kuseri kwa khitchini: "Iwe ndiye unapita kusukulu. Mugwire m'bale wako. Amene amapita uko atasweka mtima sabwera."

Chichitikireni napolo uja wa chaka cha namondwe, achimwene akukhala pakhomo pa amayi ngati mlendo. Nyumba yawo inali kumudzi kwa alamu, kutsinde kwa phiri, poti anali pa chikamwini. Tsiku limenelo iwo anali kuntchito ku esiteti ya tiyi. Pobwerera anapeza miyala. Nyumba, alamu, ndi kamwana kawo Tadala, palibe chinapezeka, ngakhale supuni. Maliro sitinaike. Kuchikazi mpaka lero sanawasudzule, akuti timumasula bwanji mwamuna pamene manda sitinawaone? Ndiye munthu ali pakatikati, si wapabanja, si womasuka. Kale anali "bambo a Tadala." Pano anthu amangoti "akulu," n'kuyang'ana kumbali.

Chikuwagwira mwendo n'chomwecho basi. Akuti kuchoka osasudzulidwa kuli ngati kuthawa. Mwina apita, mwina sapita.

Ine ndawauza kuti andipatse sabata imodzi. Sola ndi ntchito, ndipo ili pompano. Angoti, "Chabwino, a Injiniya."

Amene abwera lero m'chipinda cha kwaya, kuseri kwa tchalitchi:
A Makwinja, amene anali kapitawo wa othyola tiyi kufikira makina atabwera.
Mayi Esitere ogulitsa zinanazi pamsewu. Ndi mayi aang'ono a malemu alamu anga. Sindinawaitane, angomva kuti kuli satifiketi.
Akabaza awiri a ku Muloza, amayesa ndi kanema wa nkhondo.
Achimwene, pa benchi yakumbuyo, chipewa kumaso.

Achimwene ndi mayi Esitere apatsana moni wautali kwambiri, aliyense akuyang'ana nsapato za mnzake.

Kuzolowera kwatheka, tingotero. A Makwinja avula nsapato asanavale magalasi. Mayi Esitere akuti dzuwa la m'katimo n'loyenera kuyanika makaka, tikungoliseweretsa. Sakunama. Kunja kuno chiperoni chili waawaa, phiri silikuoneka n'komwe.

Lachiwiri

Tsiku lokwera denga. Palibe wakwera denga.

Ndiyambe ndi a Makwinja. Avala. Pa laputopu ndikuona aima patsogolo pa nyumba yoyera ija. Makwerero ali apo, kudzanja lamanja. Iwo atsokomola. Kenako: "Odi!"

Ndikuti, a Makwinja, makwerero ali kumanja kwanu.

"Odi kuno!"

Anjuta pansi, pa simenti ya chipinda cha kwaya, manja pamaondo, kudikira. Kudikira ndani?

Ndawafotokozera. Nyumbayi kulibe. Inajambulidwa pa kompyuta ndi anthu a kunja. Ilibe mwini. Iwo: "Mwanawe, nyumbayi ili ndi makatani. Makatani amapachika ndi munthu." Ndiye akuti denga la munthu silikweredwa mwini asanayankhe, wokwera mwakachetechete dzina lake limadziwika. Ndikuti eni ake ali kutsidya kwa nyanja. "Ndiye kawafunse."

Chondipweteka n'chakuti onse avomereza! Akabaza aja, amene amadutsa pa bodala ngati pakhomo pawo, nawonso akuti ayi, ku Milange munthu anamenyedwapo chifukwa chongosuzumira pa mpanda.

Mayi Esitere ndiye ena. Iwo akuti odi wawo achita chamumtima, akwera. Ndasangalala! Afika patsinde pa makwerero. Amanga chitenje kawiri. "Amuna onse atuluke." Ndikuti mayi, simukukwera zenizeni, miyendo yanu ili pansi pompano, pansi pa makwererowo palibe mwamuna. "Wavala ndiwe kuti uone kuti palibe?"

Amuna atuluka, akaima pa chiperoni. Mayi Esitere akweza mwendo, dzanja limodzi lagwira chitenje, chipangizo chagwa pansi. Pa laputopu dzanja lawo la m'magalasi lili gone pa udzu, lokhalokha. Akuwa. Amuna athamanga kulowa. Akuwanso.

Zaka zonse zija za ku koleji, ine kuloweza za mphamvu ya dzuwa, palibe mphunzitsi ananenapo za odi.

Dziko lino lidzasintha liti? Anzathu akupita kumwezi, ife tikuchita odi pa chithunzi!

Magetsi athima masana. Ndakatchajitsa magalasi kwa wometa pa Chitakale.

Uthenga kwa abwana: "Zikuyenda bwino kwambiri." Anditumizira kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba.

Chimodzi chokha. Pamene a Makwinja ananjuta paja, ndamva kuseka kumbuyo. Achimwene. Kuseka kwenikweni, kotulutsa mano, kufikira kupukuta m'maso ndi chipewa. Ndinali nditaiwala kuti amaseka ngati mbuzi yotsamwa. Magalasi sanavale, koma mawa abwera. Anena okha.

Lachitatu, masana

NZERU! Zandibwerera ndikutsuka mano. Akufuna mwini nyumba? Ndiwapatsa mwini nyumba!

Achimwene amangokhala pa benchi osachita kanthu. Ndabwereka mpando wa abusa, ndauika kutsogolo. Ndikuti achimwene, kuyambira lero nyumba ija ndi yanu. "Ine?" Inde. Munthu akati odi, inu mungoti fikani. Basi. Ntchito yonse ndi yomweyo.

Ndipo zatheka!

A Makwinja: "Odi!" Achimwene: "Eee, fikani." Kenako moni. Mwadzuka bwanji, kaya inu, kaya kumene mwachokera, kaya miyendo ija, kaya chiperonichi chitha liti. Ine ndikungoyang'ana batire ikutsika. Koma pomaliza a Makwinja apempha mwaulemu kuti akwereko padenga, mwini wake walola, ndipo akwera!

A Makwinja padenga! Kunena zoona ali chokwawa pa simenti, matako m'mwamba, akuitana Mulungu wa makolo awo. Koma pa laputopu ali padenga. Panelo aimanga chadodolido, koma aimanga. Wakabaza mmodzi walumikiza mawaya, wofiira kwa wofiira. Ndatsala pang'ono kulira.

Achimwene ndiye asintha. Chipewa avula. Akhala mowongoka, mwendo pamwamba pa unzake. Magalasi sanavalepo n'kamodzi komwe, koma akulamula:
"Samalani, malatawo ndi atsopano."
"Pondani pa misomali, osati pakati."
"Pepanitu alendo, mwatipeza opanda kanthu lero."

Chipinda chonse kuseka. Ine mumtima: izi ndikazilemba mu lipoti, adzaziphunzitsa ku Lilongwe.

Lachitatu, madzulo

Sindikufuna kulemba izi.

Inakwana nthawi ya mayi Esitere. Avala. Odi. Fikani. Moni. Anali atasangalala, akusekabe za a Makwinja. Ndiye maso ali m'magalasi, akuona nyumba yabwino ya makatani, akumva mawu a bambo wa pakhomo, pakamwa pangotuluka zimene mlendo aliyense amafunsa: "Nanga amayi a pakhomo pano ali kuti?"

Achimwene sanazengereze n'komwe. "Atsikira kumtsinje ndi mwana. Abwera pompano."



Pa laputopu chithunzi chikunjenjemera. Chitseko. Udzu. Chitseko. Mayi Esitere avula magalasi pang'onopang'ono, andipatsa. M'kati mwake mwanyowa. Atuluka, dengu la zinanazi alisiya pakhomo.

Ndipo ine, ndi digiri yanga, ndati, "Wotsatira!"

Palibe wadzuka.

Pobwerera kunyumba ndasenza dengu la eni. Achimwene ali patsogolo. Pafupi ndi mjigo atembenuka: "Mawa ndivaleko. Ndione nyumba yangayo."

Akufuna kuvala! Si ndimafuna zimenezi kuyambira Lolemba? Amayi andifunsa ndi maso. Ndawauza kuti zikuyenda.

Dengu la eni ndaliika pakona, mawa ndipita nalo.

Lachinayi

Tsiku la batire.

Achimwene andipeza ndikutsegula chipinda. Asamba, ameta ndevu, avala shati yoyera ija ya ku tchalitchi. Ena afika pambuyo, aunjikana kumbuyo kwanga kuyang'ana pa laputopu. Mayi Esitere nawonso abwera, akhala pakona, akuti adzatenge dengu.

Ndawamanga lamba. Ndikuti achimwene, makwerero ali kumanja.

Makwerero sanawayang'ane n'komwe.

Zimene ayang'ana, monga ndaonera pa laputopu:
Udzu wa pabwalo.
Kumwamba, nthawi yaitali.
Kuseri kwa nyumba. Azungulira mpaka akaone. Kulibe phiri, kuli chigwa chokhachokha mpaka kumapeto.
Mawindo.
Chitseko.

Atambasula dzanja, agwira chogwirira. Sichitseguka. Agwiranso. "Makiyi ali kuti, a Injiniya?"

Ndikuti chitsekocho sichitseguka, achimwene, anthu amene anapanga sanachipangire kutseguka, phunziro ndi la padenga. Tiyeni kumakwerero.

Ayenda kutsogolo.

Ine ndimadziwa. M'magalasi muja khoma si khoma, ukaliyandikira mutu umangodutsa. Tinkachita zimenezi ku maphunziro ku Blantyre, n'kumaseka. M'kati mwa nyumbayo mulibe kanthu. Mulibe zipinda, mulibe mpando, mulibe simenti. Makatani aja anangojambula kunja kokha. Ukasuzumira umaona kumbuyo kwa makoma, ndi phompho lotuwa lopanda polekezera. Ndikanatha kutseka laputopu. Ndikanatha kuwagwira mkono. Ndinali ndikuganiza za batire.

Mutu wawo walowa. Tonse tikuona zimene akuona.

Akhala choncho. Ayang'ana kumanzere, kumanja, pansi. Kenako aitana, osakweza mawu, monga munthu amaitanira akafika pakhomo madzulo: "Amake Tadala?"

Ayendanso kutsogolo, n'kugunda khoma lenileni la chipinda cha kwaya. Phu! Kalendala ya mpingo yagwa. Palibe waseka, ngakhale akabaza.

Avula okha. Pachipumi patupa. Andipatsa magalasi ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akubweza mbale ya eni. "Mulibe anthu," atero. "Mulibe ngakhale pansi poponda."

Mayi Esitere ayamba kulira pakona paja, kulira kokweza, kotchula maina. Kenako atuluka. Dengu aliiwalanso.

Za batire sitinaphunzire.

Ndakwiya. Anthu ophunzira, a makompyuta, a ndege, analephera kuika kampando kamodzi m'nyumbamo? Kamphasa? Ulesi bwanji!

Achimwene sanadye. Akhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, ngati kunali dzuwa. Amayi sakundifunsanso ndi maso omwe.

Uthenga wa abwana: "Tikumana Loweruka, konzekerani zithunzi zabwino."

Lachisanu

Tsiku lobwereza. Ndafika, ndapeza khamu! Anthu mpaka panja! Mtima unadumpha, ndinati mbiri yafala, Mulanje wadzuka!

Kenako ndaona mipango. Amayi onse amanga mipango kumutu, akhala pansi m'chipinda miyendo yotambasula. Abambo atulutsa mabenchi, akhala panja pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndi anthu a kumudzi kwa alamu, aja anatsala. Amalume a malemu nawonso alipo, ndi ndodo yawo. Mayi Esitere anakawauza dzulo. Achimwene awakhazika pa mpando wa abusa, pomwe ndinawaika ine.

Akufuna magalasi. Onse.

Ndiye zikuyenda chonchi. Munthu avala. Aima patsogolo pa nyumba, awerama. Ayenda pang'onopang'ono, wina atamugwira mkono kuti asagunde khoma. Alowetsa mutu. Akhala kanthawi. Avula, akulira, apita kukagwira dzanja la achimwene. Wotsatira.

Mzere wadongosolo kuposa wa ku chipatala. Lero palibe amene akufunika kumuuza kogwira.

Makwerero ali apo, kumanja, palibe wawayang'ana.

Ndapita kwa a Makwinja. Ndikuti inu ndiye wophunzira wanga wamkulu, kwerani kamodzi kokha, anthu aone. Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Pa nyumba ya maliro sitikwera denga, mwanawe."

Zina za lero:
Wina waika masamba pamsewu wa kutchalitchi. Apanjinga akutsika, akukankha, zipewa m'manja.
A kwaya abwera kudzayeserera za Lamulungu, aona mmene zilili, angoyamba nyimbo za maliro.
Batire itatha, wakabaza wathamanga nayo kwa wometa. Wometa wasiya mutu wa munthu uli theka, wabwera yekha kudzapepesa.
Zinanazi za mayi Esitere zasendedwa, zagawidwa kwa olira.
Amayi anga omwe abwera. Avala magalasi pamwamba pa mpango. Amayi, amene amaopa ngakhale kuyankha foni! Akhalitsa kuposa onse. Tadala anali mdzukulu wawo yekhayo.

Ndagwada pafupi ndi mayi Esitere, ndanong'ona kuti mayi, chonde, mawa kukubwera abwana, izi zindiphera ntchito. Andisisita pamutu ngati kamwana. "Pamiyala paja sipakhalika, mwanawe. Tinalibe khomo lolirirapo."

Ndayesa kuwauza kuti nyumbayo si ya alamu, kuti inajambulidwa ndi mzungu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Mulanje. Akuti akudziwa. Onse akudziwa! Palibe ndi mmodzi yemwe akuganiza kuti ndi yeniyeni. Ndiye ndikangane ndi ndani?

Ine ndekha ndiye sindinavale. Ndine mphunzitsi. Ndinali ndi zochita.

Tadala ankanditcha "anti a mabuku."

Loweruka, m'mawa

Ndalawirira kukachotsa masamba pamsewu. Pochokera kotenga makiyi, ndapeza aikanso ena, obiriwira kuposa oyamba.

Ndondomeko yatsopano:
Kupemphera kuti galimoto ya abwana iphulike tayala pa Nkando.

Loweruka, madzulo

Siinaphulike.

Galimoto yoyera yafika pa masamba paja, yachepetsa liwiro, dalaivala wazimitsa wailesi. Abwana atsika, avula kapu, apita okha kukakhala pa benchi ya abambo. Agwira manja a onse. Mtsikana wa kamera amene abwera naye wabwereka chitenje. Patapita nthawi abwana andikodola, anong'ona: "Pepani kwambiri. Watisiya ndani? Nanga kalasi mwaisamutsira kuti?"

Ndikuti kalasi ndi yomweyi, bwana.

Ndafotokoza zonse, kuyambira pa odi. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angopukuta magalasi awo enieni, n'kunena kuti ndiwaonetse munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene angamange sola mpaka babu kuyaka.

A Makwinja akana. Akabaza ayang'ana kumwamba. Ndaima pakati pa chipinda, magalasi m'manja, ngati wogulitsa nsomba zoola.

"Bweretsa kuno." Achimwene. "Nyumba ndi yanga. Ndikwera ndekha."

Sindinadziwe kuti sabata yonseyi pa benchi paja ankaonera laputopu. Akwera. Panelo aiyang'anitsa koyenera, amanga mabawuti onse. Pa mawaya asokoneza kamodzi, abwerera, akonza. Pa batire, poti sitinaphunzire, andifunsa, ine ndikuwauza. Chipinda chonse chili kumbuyo kwanga, ngakhale abambo alowa. Kwaya yasiya kuimba.

Babu la pamwamba pa chitseko chija layaka.

Palibe wawomba m'manja. Anthu angoti "Mmmm," onse pamodzi, ngati mmene amachitira bokosi la maliro likafika pansi m'manda.

Ine mumtima ndikuvina. Tapambana! Abwana aimirira, akuti munthu mmodzi sakwanira kuti pulojekiti ikhale kuno, koma bambo awa tiwatenga, tiwapatsa zida, ayambe ndi masukulu a konkuno. Ndayang'ana amayi. Amayi, mwamva? Ndamugwira m'bale wanga!

Koma amalume a malemu anali ataimirira kale, atatsamira ndodo. Mayi Esitere pambali pawo. Akuti dzulo banja linakhala pansi. Akuti mwana wawo ndi mdzukulu wawo awalira tsopano, pamaso pa anthu. "Bambo a Tadala," atero, ndipo aka n'koyamba dzinali kumveka chichitikireni zija, "munatisungira mwana wathu bwino. Mwawayatsira nyali. Kwathu mulibe nako mlandu. Takumasulani, yendani."

Amayi ena aimba nthungululu yaing'ono, yonyowa.

Achimwene agwada, awomba m'manja mwaulemu. Kenako atembenukira kwa abwana. "Zikomo bwana. Koma mawa ndili ndi ulendo."

Ndawatsatira panja. Ndalankhula zambiri, zina zachipongwe. Ntchito ija mwaipeza, achimwene, yeniyeni, ya zida! Amayi muwasiyira ndani? Ine ndavutikiranji sabata yonseyi? Andisiya mpaka mpweya unandithera.

"Chemwali, denga la m'magalasi ndi labwino. Koma kuno ndikakwera denga lililonse, ndiziona phiri."

 Izi ku koleji sanatiphunzitse.

Magalasi abwerera m'bokosi. Abwana akuti zimene aona n'zogwira mtima, koma sakudziwa kuti azilemba pati. Akuti adzandiimbira. Mtsikana wa kamera sanajambule chilichonse, maso ake atupa. Wapita ndi chitenje cha eni.

Lamulungu

Dzuwa latuluka. Lero. Inde, lero.

Achimwene ndawaperekeza pa siteji ya Chitakale. Chikwama chimodzi, ndi nyemba za kalongonda zimene amayi awaphikira za panjira. Amayi sanabwere, atsanzikana nawo m'nyumba, chitseko chotseka. Mnzawo uja wawasungira malo pafupi ndi windo la kumanzere. Asinthana ndi mayi wina, akhala mbali imene siyang'ana kuphiri.

"A Injiniya, musakwinye nkhope. Mwagwira ntchito." Ndikuti ntchito yanji, yokuthamangitsani? Aseka pang'ono. Akuti akakafika adzaimba. Onse amatero.

Kutchalitchi sindinapite. Ndamva kuti abusa akufunsa za mpando wawo ndi kalendala.

Ndafika kunyumba ndikuyembekezera mawu. Ndawakonzekera njira yonse: ndinakutuma umugwire, iwe wamutsegulira chitseko. Akananena, ndikanavomera.

Sananene. Ndawapeza aima pabwalo, akuyang'ana padenga. Lata la pakona ya chipinda chawo lazuka misomali ndi mphepo ya dzulo, likungoti gubudu gubudu. Akuti chiperoni chikabweranso, bedi lawo linyowa. Alowa m'nyumba, atuluka ndi hamala, misomali m'kachitini, ndi buluku lakale limene achimwene asiya.

"Vala. Anthu anena, anene. Pakhomo pano pali ndaninso?"

Makwerero tabwereka kwa aneba, a nsungwi, opendama, sitepe imodzi yomanga ndi lamba wa njinga.

Ku koleji mapanelo tinkamangira pa tebulo. Denga lenileni sindinakwerepo.

Malata amaterera. Amatentha m'manja. Amalira ukaponda, ndipo pakati pamabonyoka. Ndakwawa ndendende ngati a Makwinja, matako m'mwamba. Misomali iwiri ndaipinda, wina wagwera pansi, chala chachikulu ndachimenya, chada bii.

Ndipo phiri lili pomwepo, lonse, loyera bwino lero, ndi chipsera chake chofiira kuchokera pamwamba mpaka kutsinde. Ndinayesa kuyang'ana msomali wokha. Sizitheka.

Lata lagwira. Mwina.

Potsika ndaitana amayi kuti agwiritse makwerero. Agwira ndi manja awiri, mwamphamvu ndithu. Koma nkhope ili kumsewu, ndipo ndachita kuwauza kawiri kuti ndafika pansi, atha kusiya.